Mliri ukatsekanso masukulu, malo a mwana amasunga ndani?

Mayi wa ku Chawama:

Moni nonse. Ndabwera ndi funso kwa inu amene mumadziwa kayendetsedwe ka masukulu a boma kuno ku Lusaka, makamaka aphunzitsi ngati mulipo.

Mng'ono wanga wa ku Katete wapeza ntchito kumafamu a ku Mkushi, ndipo sangapite ndi ana onse. Tapangana kuti mnyamata wake, amene akumaliza giledi 3 chaka chino, abwere adzakhale ndi ine. Mayi ake akuti ndikamutenge mu Disembala akatsekera, malo ndidzamufunire mu Januwale. Koma ine mtima suli m'malo. Mvula yayandikira, ndipo tonse tinaona zimene zinachitika kumayambiriro kwa chaka chino cha 2024. Masukulu amayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale, anasunthira pa 29, kenako pa 12 Febuluwale, odwala kolera atadzaza kubwalo la masewera la Heroes Stadium. Zikadzachitikanso, mwana ndamuchotsa kale ku Katete, kuno sanalembedwe paliponse, adzakhala wa sukulu iti? Kodi masukulu akatsekedwa, maofesi amalembabe ana?

Funso lachiwiri ndi la mwana wanga wamkazi wobereka ndekha. Anayamba giledi 1 mu Januwale 2020. Anangophunzira miyezi iwiri, korona n'kubwera, masukulu n'kutsekedwa pa 20 Malichi. Anabwerera mu Seputembala, koma ankapita masiku awiri kapena atatu pa sabata, ndipo ndikamamaliza kuyala katundu pakantemba kanga iye anali ataweruka kale. Mu Juni 2021 anatsekanso. Chaka chilichonse lipoti limati wakwera. Lero ali giledi 5. Lamlungu lapitali ndinamupatsa kapepala ka zolengeza za kutchalitchi kuti andiwerengere, popeza maso anga tizilembo tating'ono sakutionanso bwino. Anaika chala pansi pa mawu akuti "msonkhano", anatchula "mso", n'kuima. Milomo ikugwedera koma mawu osatuluka. Kenako anangoti, "Amama, inki yake yafufutika." Inki inali bwinobwino.

Ndikapita kusukulu, ahedi amati zonse zimachokera kwa a DEBS. A DEBS-wo ndani, ndipo mphamvu zawo zimalekera pati? Ndani analamula kuti ana azingokwera makalasi asakudziwa kuwerenga? Sindikufuna kukangana ndi munthu, ndikungofuna kudziwa khomo loyenera kugogoda.

Mphunzitsi wa giledi 2, Kanyama:

Amayi, moni. Ndiyambe ndi za a DEBS chifukwa ndiye zosavuta.

Kutseka masukulu si nkhani ya ahedi, ngakhalenso ya a DEBS. Zimachokera kulikulu, unduna wa zaumoyo ndi wa zamaphunziro akagwirizana. Mu 2020 analengeza ndi nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo, a Chitalu Chilufya, ndipo zoti a makalasi a mayeso, giledi 7, 9 ndi 12, abwerere pa 1 Juni ananena ndi a Pulezidenti Edgar Lungu eni ake. Kalata imatsika kuchokera ku unduna kupita kwa mkulu wa maphunziro wa chigawo, kenako kwa a DEBS, amene ndi mkulu wa maphunziro wa disitirikiti. Ikachoka apo imafika kumazoni, popeza masukulu angapo oyandikana amakhala ndi sukulu imodzi yowatsogolera, kenako kwa ahedi. Masiku ano ife timayamba kuiona pa WhatsApp isanafike n'komwe patebulo la ahedi.

Asanatsegule, ofesi ya a DEBS imatuma oyendera masukulu limodzi ndi a zaumoyo a kukhonsolo kudzaona zimbudzi, madzi ndi posamba m'manja. Amatiitanitsanso ziwerengero: abwerera angati, anyamata angati, atsikana angati. Koma zoti ndani abwere Lolemba, ndani Lachiwiri, amakonza ndi ahedi pamodzi ndi ife aphunzitsi.

Tsopano ndikuuzeni zimene mwana wanu anadutsamo, chifukwa ana a msinkhu wake ndi amene ndinali nawo chaka chimenecho. Kalasi yanga inali ndi ana opitirira 90. Lamulo linati atalikirane, desiki limene ankapanikizanapo anayi likhale la awiri. Tinawagawa patatu. Gulu lililonse linkakhala nane maola osakwana awiri, ndipo lina likatuluka tinkayamba tapukuta madesiki ndi madzi a kolorini lisanalowe linzake. Phunziro limodzi ndinkalibwereza katatu, moti ntchito ya sabata imodzi inkatenga masabata atatu. Pageti panali chidebe chija chokhala ndi mpopi chimene timati Kalingalinga, ana ali pamzere kusamba m'manja, ndipo mzere wokhawo unkadya theka la ola. Madzi akatha, a giledi 6 ankasiya kalasi kukatunga.

Chimene chinandipweteka koposa ndi masiki. Mwana wamng'ono amagwira liwu poyang'ana pakamwa pa mphunzitsi. Ukamati "mb" amaona milomo ikutsekeka, ukamati "nd" amaona lilime likugunda kuseri kwa mano, ukamati "ng'" amaona kuti kukamwa kwangoyasama. Ine ndili m'kansalu ka chitenje, iwonso ali m'tinsalu tawo, ena atasinthana panjira chifukwa ka mnzake n'kokongola. Ndikati bwerezani ndinkangomva phokoso limodzi, osadziwa amene watchula bwino ndi amene akungong'ung'udza. Mapeto ake ndinkapita kukaima pakhomo, kutali nawo, n'kutsitsa masiki kuti aone pakamwa panga. Oyendera akanandipeza akanandilemba, koma njira ina panalibe.

Maphunziro a pa TV ndi pa wailesi analipo ndithu. Wailesi ya boma ya ZNBC inatsegula TV4 ya maphunziro, panalinso Smart Revision ya pa intaneti yothandiza okonzekera mayeso. Anapindula ndi ana akuluakulu, makamaka a kumayadi. Kuno kukomboni magetsi ankathima pafupifupi usana wonse, foni ya m'nyumba ndi imodzi ndipo yapita ndi bambo kutauni. Ndipo ngakhale zonsezo zikanakhalapo, mwana wa zaka 7 sangaphunzire kugwira pensulo poonera TV.

Mmene ndimaonera ine, boma linateteza a mayeso, ang'onoang'ono ndiwo analipira. A mayeso anakhala kunyumba miyezi iwiri ndi theka, ana anu miyezi 6. Zokweza ana onse n'zakale m'masukulu a boma, sizinayambe ndi korona. Kumbuyo kumabwera a giledi 1 atsopano chaka chilichonse, zipinda n'zomwezo. Ndikanabweza ana 40, ndikanawakhazika pati?

Bambo wa ku Matero:

Amayi a ku Chawama, langa ndi limodzi: musamuchotse mwana ku Katete musanagwire malo kuno. Ine zinandionekera. Ana anga awiri anali pa kasukulu ka pulaiveti. Korona itabwera ankatitumizira zithunzi za pa bolodi pa WhatsApp, kenako n'kutiuza kuti tilipire teremu yonse. Ine ndimakonza mafiriji, ndipo mabala atatsekedwa ntchito inaima. Ndinawachotsa, ndikumati akatsegula ndikawalowetsa ku boma. Mu Seputembala ndinazungulira masukulu a kuno, yankho linali limodzi paliponse: athu omwe tikuwagawa patatu, anuwo tiwaika pati? Anakhala pakhomo mpaka Febuluwale 2021. Kasukulu kajanso kanatsekeratu, mwini wake makalasi anawasandutsa nyumba za lendi, moti kalata ya transifa ndinachita kukaipempha kunyumba kwake akudya nsima.

Mtsikana wa ku Mtendere:

Ine ndinali giledi 9 mu 2020, ndiye ndine mmodzi wa otetezedwa amene aphunzitsi akunenawo. Kunena zoona, sindinaphunzirepo bwino ngati miyezi imeneyo. Sukulu yonse inali yathu. Kalasi imene tinkakhala 80 anaimwaza m'zipinda zinayi, aliyense desiki lake, mawindo ali chitsegulire, mphepo ya mu Juni ikutiluma zala. Aphunzitsi a masamu anadziwa dzina langa nthawi imeneyo, chonsecho ndinali nawo kuyambira giledi 8. Mayeso anawasunthira kumapeto kwenikweni kwa chaka, ndipo ndinakhoza.

Koma mlongo wanga wamng'ono, wa giledi 5, miyezi 6 ija anayamba kugulitsa masiki a chitenje pasiteji ya basi, kenako mazira owiritsa. Pamene ankatsegula mu Seputembala n'kuti atazolowera kugona ndi ndalama m'thumba. Ankavala yunifolomu m'mawa, n'kukaivula kuseri kwa msika. Popeza ana ankasinthana masiku, palibe anazindikira msanga. Aphunzitsi ankati ndi wa gulu la mawa, amayi ankati waweruka msanga. Chinamuulula ndi kope lake, deti lomaliza linali la mu Malichi. Ndiye amayi, zikadzachitikanso zogawa ana, mudzapemphe aphunzitsi akulembereni masiku a gulu la mwana wanu, ndipo makope muzitsegula nokha madzulo.

Ahedi opuma ntchito, Chilenje:

Aphunzitsi a ku Kanyama mwafotokoza bwino, ngakhale pa mfundo imodzi tisiyana, ndifikapo. Ndinali pampando nthawi ya kolera ya 2018 komanso nthawi ya korona, ndiye ndiyankhe mayiwa za malo.

Mayi, malo a mwana amasunga ndi kaundula wa pasukulu, osati ofesi ya a DEBS. Dzina likakhala m'kaundula, atseke miyezi 6, malo ake alipo. Mu 2020 makolo ambiri ntchito zitatha anatumiza ana kumudzi, ku Petauke, ku Chipata, ku Lundazi. Pasukulu yanga sitinafufute dzina ngakhale limodzi chaka chimenecho. Ena anatulukira mu Febuluwale 2021 tinawalandira, chifukwa anali athu. Ovutika anali amene mliri unawapeza ali panjira, atachoka uko koma asanalowe kuno, ngati ana a bambo a ku Matero. Masukulu akatsekedwa, hedi ndi wachiwiri wake amapezekabe paofesi masiku ena. Koma palibe hedi wanzeru angalembe ana atsopano asanadziwe kuti akatsegula amulola angati m'chipinda chimodzi.

Ndiye chitani chonchi. Pitani mwezi uno wa Novembala, musadikire Januwale. Ino ndi nthawi imene timakonza makalasi a chaka chamawa, ndipo amene akusamuka timakhala titayamba kuwadziwa. Pitani m'mawa, Lachiwiri kapena Lachitatu. Lolemba pamakhala asembule ndi milandu ya ana imene yachitika Loweruka ndi Lamlungu, ahedi mutu umakhala utatentha. Nenani kuti mukufuna malo a giledi 4. Akavomera, pemphani akulembereni kakalata kovomera kokhala ndi chidindo. Kameneko mukajambule mutumize ku Katete, ahedi a kumeneko alembe kalata ya transifa asanatsekere. Mng'ono wanu atengenso lipoti la teremu yomaliza ndi khadi la kusikelo kapena satifiketi ya kubadwa. Mukatero mwana amachoka m'kaundula uyu kulowa mu winayo popanda mpata pakati, ndipo kaya atsegula pa nthawi yake kaya mu Febuluwale, iye sukulu ali nayo.

Akakuuzani kuti kwadzaza, mwina sakunama. Kuyambira Januwale 2022, boma la a Hakainde Hichilema litachotsa malipiro mpaka giledi 12, ana anakhamukira m'masukulu a boma, ena amene anasiya kalekale, ena ochokera kutimasukulu ta pulaiveti. Chaka chomwecho analemba ntchito aphunzitsi opitirira 30,000, ndalama za chitukuko cha m'madera, za CDF, zinakwera kufika K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, madesiki anagulidwa. Koma kukomboni malo omangapo makalasi akusowa, mpanda wa sukulu unagundana kale ndi makoma a nyumba za anthu. Choncho yesani masukulu awiri kapena atatu oyandikira. Onse akakana, funsani kuti sukulu yotsogolera zoni yanu ndi iti, mukaonane ndi ahedi a kumeneko. Zikakanikabe, pamenepo ndiye mupite kwa a DEBS, mutanyamula mapepala aja ndi mayina a masukulu amene mwayesa. Iwo ali ndi ziwerengero za masukulu onse, ndipo akhoza kulembera hedi kuti amulandire. Amene amathamangira kumeneko tsiku loyamba amangowabweza kwa ahedi omwe awalumphawo. Ndipo malo sagulitsidwa. Wina akakutchulirani ndalama, muuzeni mwaulemu kuti akulembereni lisiti, muone mmene nkhaniyo isinthire.

Musaganizenso kuti kumusiya ku Katete kungamupulumutse. Chaka chino anachedwetsa masukulu dziko lonse, ngakhale kuti matendawo anavuta kwambiri kuno ku Lusaka. Mu 2018 masukulu ena anatsegulidwa msanga, a m'madera amene kolera inakula ngati Kanyama anadikira. Ine ndimaona kuti njira imeneyo inali yabwino koposa, chifukwa mwana wa kumudzi kumene matenda sanafike sayenera kutaya milungu isanu kaamba ka zimbudzi za m'tauni.

Tsopano pa za a mayeso. Aphunzitsi, sukulu ili ngati basi ikafika pasiteji ya Kulima Tower: a m'kati akapanda kutsika, a pamzere sakwera. Giledi 7 ikapanda kulemba, a giledi 6 alibe chipinda, mpaka kukafika kwa mwana amene akuyembekeza kuyamba giledi 1. Kuwabweza msanga a mayeso kunali koyenera. Cholakwika chinabwera pambuyo pake. Titatsegula tinathamangira kumaliza silabasi, tchuthi n'kufupikitsidwa, ngati kuti chimene ana anataya ndi masiku okha. Mwana amene sanagwire malembo, ngakhale umuwonjezere masiku a giledi 3, akungokhala pansi kukopera za pa bolodi. Tinkayenera kuima teremu yathunthu kuphunzitsa kuwerenga ndi kuwerengera kokha m'makalasi ang'onoang'ono. Ndinazinena pamsonkhano wa mahedi, anzanga anandiyankha kuti oyendera akabwera adzafunsa silabasi, osati nzeru zanga. Sindinawatsutse, penshoni inali pafupi.

Ndisanaiwale, kwa amene muli ndi atsikana. Nthawi iliyonse tikatseka nthawi yaitali, ena amabwerera ali ndi pakati, ena osabwerera n'komwe. Kuyambira 1997 pali lamulo loti mtsikana akachira abwerere kusukulu. Makolo adzadziwitse ahedi, alembe mafomu, malo asungidwe. Ambiri amangomubisa mwana kumudzi chifukwa cha manyazi, ndipo amenewo ndi amene amasowa m'kaundula mpaka kalekale.

Mayi wa ku Chawama:

Zikomo kwambiri nonse. Ahedi, ndapita lero m'mawa monga munanenera. Kusukulu ya mwana wanga akuti giledi 4 iliyonse yapitirira ana 100, koma achiwiri kwa ahedi andiuza kuti ndibwerenso Lachinayi, pali ana amene makolo awo akusamukira ku Kafue. Mng'ono wanga ndamuimbira, akudandaula kuti khadi la kusikelo linadyedwa ndi chiswe. Kodi zimenezi zingalepheretse? Ndipo aphunzitsi a ku Kanyama, za wa giledi 5 uyu simunandiuze chochita. Aneba akuti ndimulipirire matyushoni, ena akuti ndimubweze giledi 4 akakhale kalasi imodzi ndi mlongo wake akubwerayu.

Mphunzitsi wa giledi 2, Kanyama:

Za khadi musadandaule, amayi. Mwana wochokera kusukulu ina tsiku lake lobadwa linalembedwa kale kumeneko, ahedi a ku Katete angolilemba pa kalata ya transifa. Khadi timalifuna kwambiri kwa oyamba giledi 1.

Mtsikanayo musathamangire kumubweza. Mwana amene wayamba kunamizira inki ndiye kuti manyazi amugwira kale, ndipo kumukhazika desiki limodzi ndi mlongo wake wamng'ono kungamuthawitse sukulu. Matyushoni ambiri amangobwereza za giledi 5 zomwezo, ndalama n'kupita, pamene chimene iye anaphonya chili ku giledi 1 ndi 2.

Funsani aphunzitsi ake ngati pasukulupo pali Catch Up. Ndi ndondomeko ya unduna imene inayambira kuzigawo za Kum'mawa ndi Kumwera. Ana a giledi 3 mpaka 5 amayesedwa mmodzimmodzi n'kuikidwa m'magulu malinga ndi pamene afika, wa malembo, wa mawu, wa ndime, osayang'ana kalasi imene ali. Ngati ilipo, pemphani alowe teremu inoyi, chifukwa chaka chamawa adzakhala giledi 6.

Ngati palibe, mungathe nokha pakantemba panupo. Mwanena kuti "mso" anatchula, anakakamira pa "nkha". Ndiye kuti malembo paokhapaokha akuwadziwa, chomuvuta ndi ophatikizana. Dulani katoni ya sopo tizidutswa, mulembe nkha, nkhe, nkhi, nkho, nkhu. Akazigwira, mpha, mphe, mphi, kenako ntha, ndi ena otero. Azilumikiza n'kupanga mawu a zinthu zimene amaziona tsiku lililonse: nkhuku, nkhuni, mphika, nthochi. Yambani ndi Chinyanja, Chingerezi chidzatsatira. Mphindi 20 patsiku zakwana, koma musamachite pali makasitomala kapena anzake. Mnyamata wa ku Katete akafika mumuyesenso chimodzimodzi, musadalire lipoti lokha. Ndipo mng'ono wanu amulongedzere makope ake onse a giledi 3, aphunzitsi ake atsopano adzafuna kuona pamene analekera.